MADZI A M'MITSEMPHA: CIMENE DIRIPI ICITA M'THUPI LA WODWALA

Nkhaniyi ndi yanu, inu a ku migodi ya Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya, ndi inu okhala m'makomboni a Lusaka ndi Kabwe, makamaka inu amene munasiya makolo kum'mawa, ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi. Nkhani yathu ya lero iri ya botolo lija la madzi limene anamwino apacika pambali pa kama wa wodwala, lija tonse tilicha diripi.

Ambiri a inu munalandirapo lamya yocokera kumudzi yonena kuti, "Amai ali ku St Francis, ndipo awaika madiripi atatu." Cipatala cimeneci ca ku Katete cinayambidwa m'caka ca 1948 ndi wansembe wa Anglican amene analinso dokotala, Francis Trefusis, ndipo masiku ano aciyendetsa pamodzi a Anglican ndi a Katolika. Pakumva mau otere mtima umagwa, pakuti ena amati diripi ndiyo cizindikiro ca imfa. Koma alipo enanso amene ayesa diripi mankhwala opatsa mphamvu, ndipo akangofooka pang'ono amaipempha okha. Onse awiri asokera. Kuti timvetse bwino, tiyenera kuyamba tadziwa mitsempha imene madziwo alowamo.

MITUNDU IWIRI YA MITSEMPHA

Munthu wamkuru ali ndi mwazi, umene ena acha magazi, wokwana pafupifupi malita 5, monga cigubu cimodzi ca mafuta ophikira. Mtima ndiwo pampu yoyendetsa mwaziwo. Munthu akakhala cete, mtima ugunda pafupifupi ka 70 pa mphindi imodzi, ndipo pa mphindi yomweyo mwazi wonse wa m'thupi umakhala utapyola mumtima kamodzi. Amene anayamba kulongosola ulendo wozungulira umenewu ndiye dokotala wa ku England, William Harvey, m'caka ca 1628.

M'Cinyanja tiri ndi liu limodzi lokha, mtsempha, koma mitsempha ya mwazi iri ya mitundu iwiri. Ilipo yoturutsa mwazi kumtima kunka nao kuthupi lonse. Imeneyi njokhuthala ndi yolimba, monga paipi ya mphira ya pampu ya kumgodi, ndipo ndiyo ija mumva ikugunda mukagwira padzanja. Iliponso yobweza mwazi kumtima. Imeneyi njopyapyala ndi yofewa, monga cubu ca njinga: cikadzala citukuka, cikaphwa ciphwatalala. Ndiyo ija muiona yobiriwira kuseri kwa dzanja.

Yesani tsopano lino pomwe mwakhalapo. Tsitsani dzanja lanu pansi kanthawi, ndipo muone mitsemphayo ikutupa. Likwezeni pamwamba pa mutu, ndipo ionekanso ngati yazimirira. Sinapite kuli konse. Yangophwa cifukwa mwazi watsika kunka kumtima.

Cinthu cimene ambiri sacidziwa ndi ici: magawo awiri mwa magawo atatu a mwazi wathu, ndiko kuti malita oposa 3, akhala m'mitsempha yobwezayi nthawi zonse. Mitsempha imeneyi ndiyo nkhokwe ya mwazi. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti pampu, ngakhale ikhale yamphamvu cotani, iturutsa madzi okhawo amene afika m'dzenje losonkhanira madzi. Dzenjelo likauma, pampu ingolira cabe ndi kukoka mpweya. Mtima uli comweco. Sungathe kutumiza mwazi woposa umene mitsempha yobweza yaubweretsera.

NKHOKWE IKAYAMBA KUTHA

Mwazi ucepa m'thupi mwa njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kutaya mwazi weniweni: mai amene wabala ndipo mwazi suleka, munthu wogundidwa ndi galimoto pamseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, mnyamata wogwa pangolo ya ng'ombe, kapena mnzathu amene mwala wamgwera kunchito. Nthawi zina mwaziwo utayikira m'kati, m'mimba kapena m'ncafu, kosaoneka ndi maso.

Yaciwiri ndiyo kutaya madzi. Theka la mwazi wathu ndi madzi a mcere, ndipo munthu akatsegula m'mimba kwambiri, akasanza, akapsa ndi moto, kapena akacita thukuta tsiku lonse m'malo otentha osamwa kanthu, madziwo acoka m'mwazi. Kolera ndiyo yoopsa koposa, pakuti ikhoza kuturutsa lita imodzi ya madzi pa ora limodzi, kufikira mwazi wotsalawo ukhala wolemera ngati phala.

Thupi silingokhala osacitapo kanthu. Likazindikira kuti mwazi wofika kumtima wacepa, lilamula mitsempha yobweza kuti ifinyike, makamaka ya m'khungu, ya m'matumbo ndi ya m'ciwindi, ndipo mwazi umene unasungidwamo ukankhidwa kunka kumtima. Ndiko kuphwasula nkhokwe m'caka ca njala. Nthawi yomweyo njira zopereka mwazi kumanja, kumiyendo ndi kuimpso zicepetsedwa, kuti wocepa wotsalawo upite kuubongo ndi kumtima. Mtima uyamba kugunda mofulumira. Cifukwa cace wodwala azizira manja ndi mapazi, atumbuluka m'zikhatho ndi m'milomo, amva ludzu losaneneka, ndipo mkodzo ucepa kapena kulekeratu.

Apa mpamene pali msampha. Cifukwa ca kufinyika kumeneku, munthu akhoza kutaya mwazi wokwana lita imodzi, ngakhale lita ndi theka, ali cilankhulire, ndipo cipangizo coyezera mphamvu ya mwazi nkumaonetsa kuti zonse ziri bwino. Anyamata amphamvu abisa bvutoli nthawi yaitali. Amai apakati alibisanso, pakuti mwazi wao umaonjezeka pafupifupi ndi theka pa nthawi ya pakati. Abale poona zotere amati, "Tidzapita mawa kukaca." Koma mitsempha ikafinyika kufikira mapeto ace, palibenso cotsala cakuti ifinye, ndipo munthuyo agwa mwadzidzidzi. Wotaya mwazi woposa malita 2 ali pakhomo pa imfa.

CIFUKWA CACE NAMWINO ABVUTIKA KUPEZA MTSEMPHA

Wodwala wotere akafika kucipatala, nchito yoyamba ndiyo kutsegula khomo loloweramo madzi. Namwino amanga lamba pamkono kuti mwazi wobwerera uime ndi kutukumula mtsempha, ndipo alasa. Singano siikhala m'thupi monga ena aganizira; iturutsidwa pomwepo, ndipo cotsalamo ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki. Kwa munthu wofuna madzi ambiri msanga asankha kapaipi kakafupi ndi kotakata, pakuti kapaipi kotakata kawiri kangathe kupititsa madzi ocuruka ngakhale ka 16.

Koma kumbukani cubu ca njinga. Kulasa mtsempha wodzala nkwapafupi. Kulasa wophwa ndi wofinyika kuli ngati kulowetsa ulusi pakati pa mapepala awiri omatana. Abale oima pakhomo poona mwana wao alikulasidwa kaciwiri ndi kacitatu amakwiya, namati namwinoyo sadziwa nchito. Kawirikawiri colakwa siciri m'manja mwa namwino, koma m'maora aja amene anatayika kumudzi.

Mitsempha ya pamkono ikakanika, zilipo njira zina. Dokotala angalase mtsempha wa m'khosi, kapena kung'amba khungu pang'ono pakakolo ndi kuufuna ndi maso mtsempha umene upita pamenepo. Kwa ana, ndi kwa akuru omwe, angaboole pfupa la msongolo ndi singano yolimba, pakuti m'kati mwa pfupa muli tinjira ta mwazi timene sitiphwa konse, ndipo madzi olowa m'menemo afika kumtima monga a pamkono. Mukaona zimenezi musathawe naye mwana. Ndiyo njira yotsala yomuombolera.

MADZIWO AKALOWA

Madzi a m'diripi si madzi wamba. Ndi madzi oyeretsedwa kotheratu, osakanizidwa ndi mcere pa muyeso wolingana ndi wa m'mwazi, magalamu 9 pa lita imodzi. Madzi opanda mcere akalowa mumtsempha atupitsa ndi kuphulitsa timbulumbulu tofiira ta m'mwazi. Mtundu wina, umene uthandiza bwino pa kolera, uli ndi micere ingapo yofanana ndi imene wodwala ataya. Unayamba ndi Sydney Ringer wa ku London m'zaka za m'ma 1880, ndipo unakonzedwanso ndi Alexis Hartmann wa ku America m'caka ca 1932. Ndico cifukwa cace pabotolo muona dzina la mmodzi wa awiriwa.

Madziwo akalowa pamkono, ayamba adzaza nkhokwe. Mitsempha imene inaphwatalala itukukanso, ndipo ikadzala ikankha mwazi mwamphamvu kunka kumtima. Mtima uli ndi khalidwe ili, kuti ukalandira zambiri utambasuka, ndipo ukatambasuka ufinya mwamphamvu. Cotero kugunda kuli konse kuturutsa mwazi wocuruka, ndipo mtima suyeneranso kuthamanga. Thupi likaona kuti ngozi yapita, limasula mitsempha ija linaifinya. Manja afunda, maso acangamuka, ndipo pambuyo pace impso ziyambanso nchito. Mkodzo woyamba wa wodwala wotere ndi uthenga wabwino koposa kwa namwino.

Anamwino sapereka madzi mongoganizira. Awerenga kugunda kwa mtima. Afinya cikhadabo ca wodwala ndi kuona ngati kufiira kubwerera pa masekondi awiri. Ayang'ana mitsempha ya m'khosi ya munthu wogona cagada, imene ikhala yosaoneka mwa wotha mwazi. Kumene kuli makina ounikira m'mimba, onga aja aunikira amai apakati, dokotala angathe kuuona mtsempha waukuru wobweza mwazi kumtima ukuphwa pa kupuma kuli konse, ndi kuuonanso utadzala madzi atalowa. Nthawi zina angokweza miyendo ya wodwala, ndipo mwazi wokwana kapu imodzi yaikuru utsika kunka kumtima. Mtima ukayankha bwino, adziwa kuti madzi enanso adzathandiza.

Kucuruka kwa mabotolo kusakuopseni. Pa kolera yoopsa lamulo la madokotala ndilo mamililita 100 pa kilogalamu iri yonse ya kulemera kwa munthu. Mwamuna wa makilogalamu 60 alandira malita 6 pa maora atatu, ndipo pafupifupi malita 2 mwa amenewa alowa pa theka la ora loyamba.

Cina coti tidziwe ndi cakuti madziwa sakhalitsa m'mitsempha. Makoma a timitsempha tating'ono ali ngati nsalu yosefera, ndipo ora limodzi likapita, mwa lita imodzi imene inalowa mutsala gawo limodzi lokha mwa magawo anai kapena asanu. Ena onse alowerera m'mnofu. Kwa wodwala kolera zimenezi nzabwino, pakuti mnofu wace nawonso unauma. Koma zitiphunzitsa kuti diripi ingobwereketsa nthawi, ndipo cimene cilikutayitsa madzi kapena mwazi ciyenera kuletsedwa.

MAI WOKALAMBA WA KU LEITH

Phunziro limeneli linaoneka pa tsiku loyamba lomwe la nchitoyi. M'caka ca 1831 kolera inafika ku Britain, ndipo dokotala wacinyamata, William O'Shaughnessy, anayeza mwazi wa odwala napeza kuti wataya madzi ndi mcere. M'caka ca 1832 dokotala wa ku Leith m'dziko la Scotland, Thomas Latta, analimba mtima nathira madzi a mcere mumtsempha wa mai wina wokalamba amene onse anati watha. Pa theka la ora anamthira malita oposa 3. Maiyo anatsegula maso, mtima wace unamvekanso padzanja, ndipo analankhula. Dokotalayo atatopa anapita kukapumula. Kutsegula m'mimba kunayambanso, mitsempha inaphwanso, palibe amene anakamuitana, ndipo patapita maora owerengeka maiyo anamwalira.

Panapita zaka zambiri anthu asanadziwe kuyeretsa madziwo ndi kuwapereka mosalekeza. Lero kusiyana kwace nkwakukuru. Kolera yoopsa yosathandizidwa ikhoza kupha theka la oigwira. Yothandizidwa msanga ipha osafika mmodzi mwa 100. Inu a ku Lusaka mukumbuka mliri umene unayamba mu October 2023, pamene anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko muno ndipo oposa 700 anafa. Mu January 2024 bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandulika cipatala. Anthu ambiri amene analowamo atanyamulidwa anaturuka ndi miyendo yao. Ndipo ambiri mwa akufawo anafera kunyumba kapena panjira, madzi asanawafikire.

MADZI SI MWAZI

Kwa wotaya mwazi weniweni nkhani isiyana. Timbulumbulu tofiira tija ndito tinyamula mpweya wabwino kucokera kumapapu kunka kuthupi lonse, ndipo madzi a mcere alibe mphamvu imeneyo. Adzaza mitsempha ndi kupatsa mtima cakuti upope, koma asungunula mwazi wotsalawo, monga mai wothira madzi m'ndiwo kuti zikwane alendo. Asungunulanso zija zimene ziumitsa mwazi pabala, ndipo akacuruka akankha ndi kucotsa cotsekera cimene thupi linayamba kuika. Cifukwa cace madokotala a masiku ano apereka madzi ocepa kwa wobvulala, ongokwana kumsunga moyo, nafulumira kukatseka potayikapo ndi kumthira mwazi.

Inu a ku migodi mudziwenso ici. Munthu amene mwala wampanikiza mwendo maora ambiri afuna madzi ocuruka msanga, ngakhale asanamturutse, pakuti mnofu wophwanyika uturutsa ululu umene utseka impso. Bvuto liri lonse liri ndi muyeso wace.

Mwazi sugulidwa kufakitale. Umene uthiridwa mai wa ku Katete usiku wa lero unaturuka m'mkono wa munthu wina amene anaupereka mwaulere kwa a Zambia National Blood Transfusion Service. Atenga mamililita 450 okha, osafika gawo limodzi mwa magawo khumi. Mitsempha yanu yobweza ifinyika pang'ono ndi kubisa kusowako, madzi ace abwerera pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo timbulumbulu tofiira tibwerera pa masabata owerengeka. Thumba la mwazi silikhala kupyola masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, cotero afunika opereka atsopano nthawi zonse. Agogo athu m'zaka za m'ma 1950 anaopsedwa ndi mphekesera za banyama oyamwa mwazi. Ife amene tidziwa kumene mwaziwo upita tisalandire mantha amenewo ngati colowa.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsopano ndinene ndi inu amene mukonda kupempha diripi. Cubu ca njinga ciri ndi malire ace. Mitsempha ikadzala, madzi oonjezera sathandizanso mtima. Angounjikana pambuyo pace. Mitsempha ya m'khosi iima ngati zingwe, nkhope ndi miyendo zitupa, ndipo madzi alowa m'mapapu, kotero kuti munthu amira ali pakama. Okalamba, odwala mtima kapena impso, ndi ana operewera zakudya m'thupi ndiwo agwa m'ngoziyi msanga.

Nzeru imeneyi dziko lonse laiphunzira kwambiri kuno ku Africa. M'caka ca 2011 madokotala a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, motsogozedwa ndi Kathryn Maitland, analengeza zimene anapeza mwa ana oposa 3,000 odwala malungo aakuru ndi matenda ena otentha thupi. Ana otsegula m'mimba, obvulala ndi opsa sanawerengedwe m'gulumo. Mwa amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira anafa oposa 10 mwa 100 ali onse pa masiku awiri; mwa amene anapatsidwa pang'onopang'ono anafa 7 mwa 100.

M'caka ca 2017 kunaturuka zofanana nazo za kwathu konkuno, zocokera ku University Teaching Hospital ya ku Lusaka. Odwala akuru 209, amene tizirombo tinalowa m'mwazi mwao ndi kugwetsa mphamvu yace, anagawidwa pawiri. Gulu lina linathandizidwa mwa njira yatsopano, imene mutu wace unali kupereka madzi ambiri msanga, pafupifupi malita atatu ndi theka pa maora 6. Gulu lina linathandizidwa monga mwa masiku onse, nililandira pafupifupi malita 2. M'gulu loyamba anafa 48 mwa 100, ndipo ambiri anayamba kubanika. M'gulu laciwiri anafa 33 mwa 100.

Kodi madzi amene aukitsa wodwala kolera angapweteke bwanji wodwala malungo? Onse awiri afooka, onse awiri mtima wao uthamanga, koma m'mitsempha mwao muli zosiyana. Mwa wa kolera nkhokwe njabwino, koma yatha. Uidzaze, ndipo acira. Mwa wa tizirombo madzi sanatayike kunja kwenikweni. Ululu wa matenda walefula mitsempha kuti itasuke ndi kudontha, monga nkhokwe yophwasuka m'mbali. Wotereyu afuna mankhwala opha tizirombo, kapena a malungo, kapena mwazi, ndipo madzi apatsidwa mosamala ndi poyang'anira. Kusiyanitsa awiriwa ndiyo nchito imene dokotala anaphunzirira zaka.

Cifukwa cace, inu odikira odwala, musakhudze kagudumu kaja ka pacingwe ca diripi. Ena akatsegula kuti botolo lithe msanga, ena akatseka poopa kuti mwana azizidwa; zonse ziwiri zingaphe. Koma maso anu akhale pa wodwala. Itanani namwino mukaona kuti madontho aleka, botolo latsala pang'ono, mkono watupa cifukwa madzi alikulowa pansi pa khungu, mtsempha wafiira ndi kuwawa, kapena wodwala wayamba kupuma mofulumira. Cimene simucimvetsa funsani, pakuti safunsa anadya phula.

ZIMENE ZIRI M'MANJA MWATHU

Njira yabwino yodzazira mitsempha ndiyo ya pakamwa, ngati wodwala akali kumeza. Shuga ndi mcere zikakhala pamodzi pa muyeso woyenera, matumbo akoka madzi ndi kuwalowetsa m'mwazi ngakhale munthu alikutsegula m'mimba. M'caka ca 1971, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, madiripi atasowa, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anapatsa abale a odwala madzi otere kuti azimwetsa anthu ao, ndipo imfa zinatsika kucoka pa 30 mwa 100 kufika pa osakwana 4.

Katete ali ndi mbiri yace pa zimenezi. M'caka ca 2012 maboma a Katete ndi Kalomo ndiwo anasankhidwa kuyesa kapaketi kochedwa Kit Yamoyo, kokhala ndi ORS ndi mapiritsi a zinki, kogulitsidwa m'timasitolo ta kumidzi. Patapita caka cimodzi, ana otsegula m'mimba olandira zonse ziwiri anacoka pa osakwana mmodzi mwa 100 kufika pa 45. Mukamatumiza katundu kumudzi mvula isanayambe, ikanimo mapaketi a ORS. Ngati palibe paketi, sungunulani masipuni a tiyi 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la sipuni ya tiyi la mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa ndi oziziritsa. Mwetsani pang'onopang'ono kosalekeza. Akasanza, dikirani mphindi khumi ndi kuyambanso. Mwana woyamwa asaleke kuyamwa. Liwombo likagwa, maso akalowa m'kati, khungu likatsinidwa ndi kusabwerera, musataye nthawi ndi zomata pamutu. Madzi atha m'thupi. Nyamukani, ndipo mwetsani panjira ponse, kuti namwino akapeze mtsempha ukali wooneka.

Kwa wotaya mwazi, panikizani bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu osaleka, mgonekeni pansi, mfunditseni, ndipo musampatse cakudya kapena mowa, pakuti kapena adzafunika opareshoni. Mai wapakati akabalire kucipatala, ndipo wokhala kutali akadikire pafupi masiku ace asanakwane, makamaka m'dzinja pamene mitsinje idzala ndi miseu ya kumidzi iwonongeka. A ku Katete ali ndi St Francis, a ku Sinda ali ndi Nyanje, ndipo m'maboma onse atatu muli tizipatala tating'ono timene tingayambe kupereka madzi wodwala asanatumizidwe kwina.

Inu a m'tauni muli ndi gawo lanu. Kawirikawiri anthu kumudzi acedwa cifukwa alikudikira mau a mwana wao wa ku Kitwe, kapena ndalama ya galimoto. Lamya ikalira usiku, funsani mafunso atatu: Kodi alikumwa? Kodi wakodza liti? Kodi manja ace ngofunda kapena ngozizira? Yankho likakhala loipa, nenani kuti anyamuke pomwepo, ndipo tumizani ndalama ya ulendo zina zonse zisanakambidwe. Ndipo akadzakuuzani kuti amai awaika diripi yacitatu, funsani ngati manja afunda ndi mkodzo wabwera. Akati inde, gonani tulo.